Mjigo wa kumunsi kwa Khwekhwelere: mmene chitsulo ndi pulasitiki zidagawanira ntchito

Munthu akatsika Khwekhwelere n'kufika pa Golomoti, kenaka n'kukhotera kumpoto mu msewu wa ku Salima kudutsa pa Mua mpaka pa Mtakataka, chinthu chimene sangalephere kuchiona m'midzi ya m'mbali mwa msewuwo ndi mjigo. Uli pa sukulu, uli pa msika, uli patsinde pa mlambe kuseri kwa nyumba ya amfumu, ndipo kuyambira mbandakucha handulo yake sipuma. Kuuona kunja, umaoneka wa chitsulo chokhachokha: mutu wotuwa, mabawuti, handulo yaitali yosalala ndi manja a anthu. Koma mukautsegula mupeza kuti m'malo onse amene zinthu zimakhulana tsiku lonse muli pulasitiki, ndipo pansi penipeni, m'madzi momwemo, muli paipi ya pulasitiki imene adaiyala mkuwa m'kati mwake. Mjigo umenewu dzina lake ndi Afridev. Lero uli m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku Asia komwe, koma udayambira kwathu kuno, kumtunda kwa mtsinje wa Livulezi m'boma la Ntcheu, mtsinje womwewo umene umatsika mapiri n'kudzatulukira m'chigwa chino cha m'mbali mwa nyanja. Ambiri mwa ife amene timamwa madzi ake sitidziwa kumene udachokera, ngakhale chifukwa chimene adaupangira motero.

Dera lino si lachilendo pa nkhani ya chitsulo. Pafupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, pali Mankhamba, malo amene adali likulu la ufumu wa Maravi m'masiku a Kalonga. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba pamalopo, ndipo zimene adapeza zikusonyeza kuti anthu adakhazikikapo cha m'zaka za m'ma 1400. M'nthakamo mudatuluka mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa ndi zida za chitsulo. Mikanda ndi mbalezo zidachita kubwera ndi amalonda, koma luso la chitsulo lidali la eni dziko. Ankakumba miyala ya chitsulo, n'kuiika m'ng'anjo ya dothi pamodzi ndi makala, moto n'kuchezera kuyaka; chotsala pansi ankapita nacho ku chipala, kumene mnyamata ankavukuta mvukuto wa chikopa, wosula akumenya mpaka zinyalala zonse zitachoka. Msilikali wa Chipwitikizi, António Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa mfumu Kazembe, adalemba za luso limeneli, ndipo makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka ku Zambezi.

Chimene chimandikopa pa khasu lakalelo n'chakuti wosula sankasula chida chonse cha chitsulo. Iye ankasula khasu lenilenilo ndi msuka wake, basi. Mpini udali ntchito ya mwini khasu: ankapita kutchire kukafuna mtengo wokhala ndi mfundo yolimba kumutu, n'kuusema, kenaka n'kuwotcha msuka pamoto mpaka kufiira psuu, n'kuulasa pa mfundopo kuti udziboolere wokha malo ake. Utsi ukatha, chitsulo ndi mtengo zagwirana popanda msomali. Khasu la chitsulo mpaka kogwirira likadalemera, likadapweteka m'manja pogaula nthaka youma ya mu Okutobala, komanso likadadya chitsulo chokwanira makasu angapo. Mtengo ndi wopepuka, umameza kugunda, ndipo ukang'aluka umangodula wina. Khasu limodzi linkatha mipini ingapo lisanafike pokhala kakhasu kophunzirira mwana kulima.

Pa nyumba nzeru idali yomweyo, koma yotembenuka: cholimba m'kati, chofewa kunja. Dothi lokha likauma limang'ambika, mvula ikaomba khoma limagumuka; nsichi zokha zimalowetsa mphepo. Choncho abambo ankazika nsichi ndi kumanga mbaliro ndi luzi, amayi n'kumata dothi mbali zonse, ndipo khoma linkaima zaka. Amisiri a masiku ano akamanena za zipangizo zophatikiza, zimene china chimasenza katundu pamene china chikuphimba ndi kugwirizitsa, akunena zimene agogo athu ankachita ndi manja, kungoti zipangizo zasintha.

Zaka za m'ma 1800 zidasokoneza chigwa chino. Kudafika Ayao ndi malonda a minyanga ndi akapolo, kudafikanso Angoni a Kachindamoto amene adatsika ku mapiri n'kukhazikika ku Mtakataka. Mu 1902 ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, ndipo mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima, kudutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka. Ndi sitima ndi masitolo kudabwera makasu a ku fakitale, ndowa, misomali ndi malata. Ng'anjo zidazima imodziimodzi, pakuti palibe akadapitiriza kugona kutchire kusungunula miyala pamene khasu lili m'sitolo. Osula okha ndiwo sadathe. Mpaka lero amasula nkhwangwa ndi zikwakwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa, ndipo amisiri osema a ku KuNgoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher adayambitsa pa Mua mu 1976, zida zawo zambiri zikadali chitsulo cholowetsedwa mu mtengo.

Vuto limene chitsulo cha ku fakitale chidachedwa kulithetsa ndi la madzi. Chigwa chino n'chotentha, ndipo mitsinje yotsika ku mapiri, imene m'dzinja imasefukira n'kukokolola milatho, pofika m'chilimwe yambiri imakhala mchenga wokhawokha. Amayi ankafukula mchengawo n'kukhala pansi kudikira kuti timadzi tidzadze m'kachitsime. Ena ankatunga ku nyanja, kumene kuli likodzo ndi ng'ona. Boma la atsamunda lidayamba kukumba zitsime ndi mijigo m'zaka za m'ma 1930, motsogozedwa ndi nthambi yofufuza za miyala imene mkulu wake adali Frank Dixey. Mijigo ya nthawi imeneyo, ndi imene idatsatira kufikira m'ma 1970, idali ya chitsulo kuyambira kumutu mpaka pansi. Mapaipi ake adali olemera kwambiri, ndipo silinda idali yotakasuka kuposa paipi, kutanthauza kuti kachikopa kamodzi kakatha pansipo, pankafunika kuzula mapaipi onse. Imeneyo sidali ntchito ya mudzi. Ankachita kutumiza uthenga ku boma, n'kudikira lole yokhala ndi makina okokera ndi gulu la amuna. Lole ikasowa mafuta, kapena msewu ukaduka, mudzi unkabwerera ku mtsinje kwa miyezi. Padalinso dzimbiri. Madzi ena a pansi pa nthaka amadya chitsulo: paipi imabooka, madzi amatuluka ofiira, nsima imada, zovala zimathimbirira, anthu n'kuuthawa mjigo usanafe n'komwe.

Pamene izi zinkachitika kuno, kutsidya kwa nyanja kunkabadwa zipangizo zatsopano. Leo Baekeland adapanga Bakelite mu 1907 ku America. Mu 1926 Waldo Semon adapeza njira yofewetsera PVC kuti aziumbika, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ku Germany adayamba kupanga mapaipi a PVC. Polyethylene, amene lero timamuona m'zigubu ndi m'matanki, adatulukiridwa ku kampani ya ICI ku England mu 1933. Nayiloni adapangidwa ku kampani ya DuPont mu 1935. Ndipo kampani yomweyo mu 1960 idayamba kugulitsa pulasitiki wolimba, woterera, wotchedwa acetal, amene amisiri adayamba kupangira magiya ang'onoang'ono m'malo mwa chitsulo. Kwa munthu wa za madzi, pulasitiki adabwera ndi mphatso ziwiri zimene chitsulo wamba chilibe: sachita dzimbiri, ndipo ndi wopepuka kwakuti mnyamata mmodzi amasenza mapaipi angapo paphewa.

Koma aliyense amene adakhalapo pa mpando wa pulasitiki wokhalitsa padzuwa amadziwa mbali inayo. Pulasitiki amapindika akasenza katundu nthawi yaitali, amatamuka akakokedwa, mchenga umamukanda, dzuwa limamuumitsa mpaka kuthetheka, ndipo bawuti ikamangidwa mwa iye sichedwa kukhwepa. Choncho amisiri adayamba kumulowetsa chitsulo. Mu 1946 kampani ya Michelin ku France idalembetsa tayala la mtundu watsopano lokhala ndi malamba a mawaya a chitsulo m'kati mwa mphira. Tayala la njinga ya kabaza nalo lili ndi waya m'mphepete, ndiye amaligwirizitsa ku limu. Mapaipi ena okokera madzi pa injini ya mthirira ali ndi waya wozungulira m'kati kuti asaphwafuke injini ikamayamwa. Nthambo ya magetsi yokwirira pansi ili ndi mkuwa kapena aluminiyamu pakati, pulasitiki pamwamba pake, kenaka mawaya a chitsulo oteteza, n'kuphimbanso ndi pulasitiki. Kuphatikizaku si kophweka. Chitsulo ndi pulasitiki sizimamatana zokha, ndipo kukatentha PVC amafutukuka kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi chitsulo, kukazizira n'kubwereranso. Mmisiri akapanda kuganizira zimenezi, pamene adalumikizapo ndi pomwe padzayambire kudontha.

Ku Malawi pulasitiki adalowa m'nkhani ya madzi kudzera m'mipopi ya kumudzi. Mu 1968, ku Chingale m'boma la Zomba, anthu adakumba okha ngalande n'kuyala mapaipi otsitsa madzi kuchokera ku phiri popanda injini, ndipo ntchito yotere idafalikira ku Mulanje ndi maboma ena. Mapaipi a PVC adaonetsa kuti akhoza kukhala m'nthaka ya kuno zaka zambiri osaola. Koma si mudzi uliwonse uli pansi pa phiri la madzi osaphwa. Ambiri adafunikabe mjigo.

Bungwe la United Nations lidalengeza kuti zaka za 1981 mpaka 1990 zikhale za madzi akumwa ndi ukhondo, ndipo UNDP ndi World Bank adakhazikitsa ntchito yoyesa mijigo m'maiko osiyanasiyana, Malawi ali m'gulu. Kumtunda kwa Livulezi akatswiri a boma, pamodzi ndi anzawo a ku Britain, adayesa njira yatsopano: kukumba mijigo yambiri m'dera limodzi ndi makina ang'onoang'ono, kuika mapaipi a PVC m'dzenje m'malo mwa achitsulo, ndi kuphunzitsa anthu a m'mudzi momwemo, amayi omwe, kuti azikonza okha. Funso lidali limodzi: kodi n'kotheka kupanga mjigo wakuya umene anthu awiri atatu a m'mudzi angautsegule ndi sipanala, popanda lole?

Ntchito yopanga mjigo wotero idayamba kuno kumayambiriro kwa 1981, ndipo mu 1982 mutu wa mjigo wotchedwa Maldev udayamba kupangidwa m'dziko muno. Udali wosavuta kutsegula, koma udali ndi chilema chimodzi. Pamene handulo imazungulira adaikapo mabelingi a chitsulo, a timipira tija. Mabelingi otere amafuna girisi, amadana ndi fumbi ndi madzi, ndipo kuwachotsa kumafuna zida. Pa mjigo umene ukupopedwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ana akulendewera pa handulo, sankachedwa kuphwanyika. Mu 1983 kafukufukuyu adasamukira ku Kenya, ngakhale kuyesa kudapitirirabe kuno, ndipo cha m'nthawi yomweyo mjigo woyamba wokhala ndi mabushi a pulasitiki m'malo mwa mabelingi udaimikidwa. Udayesedwa kwambiri m'boma la Kwale, kugombe la Kenya, n'kutenga dzina la Afridev. Mu 1989 bungwe la SKAT la ku Switzerland lidasindikiza miyezo yake yonse. Chinthu chachikulu chimene adachita n'chakuti sadaupatse mwini: zojambula zake n'zaulere, kampani iliyonse ikhoza kuupanga bola itsate miyezo, ndipo chipangizo chogulidwa kwa uyu chiyenera kukwana pa mjigo wopangidwa ndi uja. Boma la Malawi lidausankha kukhala mjigo wa dziko pa zitsime zakuya, n'chifukwa chake mjigo wa pa Golomoti ndi wa ku Karonga sizisiyana.

Kuti mumvetse chimene adapanga, imani pambali tsiku limene mekaniki wa m'dera akukonza mjigo. Amafika pa njinga, zida zake zili m'kathumba: sipanala ndi kachitsulo kokowera. Amamasula bawuti imodzi, chivundikiro cha mutu chachoka. Amakhwepetsa manati a mapini awiri, handulo yasololoka. Akatero amatembenukira kwa amayi a komiti: "Amayi, tabwerani mugwire apa. Ndodozi tiziika pa mitengo, zisakhudze mchenga." Ndodo za chitsulo, iliyonse mamita 3, zimatuluka imodziimodzi. Sizimangidwa ndi mabawuti, zimangokowana, ndipo pa mfundo iliyonse pali kamphira koteteza kuti chitsulo chisakhule paipi. Kumapeto kwa ndodo yomaliza kumatuluka pulanja, kanthu kokwana m'dzanja, kokhala ndi mphira yozungulira imene imakankha madzi ndi kabobini kamene kamatseka ndi kutsegula. Akafuna vavu ya pansi, amatsitsa chokowera chija pa ndodo zomwezo n'kuivuula. Mapaipi sadakhudzidwe, ali momwemo m'dzenje. Ntchito imene kale inkadikira lole ya boma yatha dzuwa lisanafike pamutu, chonsecho mjigo umenewu umakoka madzi kuchokera pa mamita 45 pansi pa nthaka.

Chimene sichituluka, chimene ambiri sadachionepo, ndi silinda. Mapaipi okwezera madzi ndi a PVC, a mamilimita 63 kuyeza kunja, omatidwa ndi guluu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kumapeto kwake kuli silinda, nayonso ya PVC, koma m'kati mwake adalowetsamo paipi yopyapyala ya mkuwa wachikasu, yosalala, ya mamilimita 50. M'menemo ndi mmene pulanja imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa tsiku. Ikadakhala ya pulasitiki yekha, timchenga tobwera ndi madzi tikadaikanda mizere, mphira n'kuyamba kuphonya madzi. Ikadakhala ya mkuwa wokhawokha wochindikala, ikadakhala yodula, ndipo sikadamatika ndi guluu ku mapaipi a PVC. Choncho mkuwa udapatsidwa ntchito yopirira kukhulidwa ndi kusunga silinda kuti ikhalebe yozungulira, pulasitiki n'kupatsidwa yofungatira mkuwawo ndi kuulumikiza ku mapaipi. Ndipo popeza m'kati mwa paipi ndi motakasuka pang'ono kuposa m'silinda, pulanja imadutsa bwinobwino mpaka kumwamba. Mamilimita ochepa amenewo ndiwo adachotsa lole pa nkhani ya mjigo.

Kumutu zinthu zidatembenuzidwa. Kumeneko mutu, handulo ndi mapini n'zachitsulo, chifukwa ndizo zimasenza kulemera kwa ndodo ndi madzi onse ali m'paipi. Pulasitiki adalowetsedwa pakati pa chitsulo ndi chitsulo. Mabushi alipo anayi, awiri pa pini ya handulo, awiri pa pini yonyamula ndodo, ndipo lililonse lili ndi zigawo ziwiri zolowetsana, china cha nayiloni, china cha acetal. Mapulasitiki awiriwa amatererana okha popanda girisi, ndipo amachotsedwa ndi zala. Adapangidwa dala kuti azitha. Ntchito yawo ndi yomwe ija ya mpini: kulandira kugunda, kutha msanga, ndi kusinthidwa motchipa kuti chitsulo chodula chikhalitse. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nzeru yaikulu ya Afridev, kuposa pena paliponse. Opanga ake sadalonjeze mjigo wosafa. Adavomereza kuti china chake chizitha ndithu, n'kusankha okha kuti chikhale chiti, ndipo adachiika pamalo pamene mayi wa m'mudzi angachifikire ataimirira.

Nzeru imeneyi imafuna munthu watcheru. Mabushi akayamba kutha, handulo imagwedera uku ndi uku, mjigo umalira. Imeneyo ndi nthawi yosintha, ndipo pa mjigo wotanganidwa mabushi ndi mphira zimafunika kusinthidwa kamodzi kapena kawiri pa chaka. Mudzi ukanyalanyaza poti madzi akutulukabe, pulasitiki amatha n'kugwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, pini imakumbika, malo ake m'mutu amakula, ndipo vuto limene likadatha ndi chopereka cha mwezi umodzi limafuna kugula zitsulo zatsopano. Pansinso n'chimodzimodzi. Timphira ta pa ndodo tikatha, ndodo imakhula paipi ya PVC pamalo amodzi tsiku ndi tsiku mpaka kuiboola. M'mawa munthu amapopa nthawi yaitali madzi asanabwere, chifukwa usiku onse adabwerera pansi. Pamenepo ndiye pofunika kuzula mapaipi, kudula ndi kumata, ntchito imene komiti payokha siingathe.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma lidapereka mijigo m'manja mwa midzi. Mjigo uliwonse, umene pa muyezo wa boma uyenera kutumikira anthu 250, umakhala ndi komiti yake, banja lililonse limasonkha kangachepe pa mwezi, ndipo pambuyo pake kudabwera amekaniki a m'madera ndi timasitolo togulitsa zipangizo m'misika ikuluikulu. Pamene komiti ili yolimba, kabuku ka msungichuma kali poyera, mupeza mjigo wa zaka 20 ukupopabe. Pamene ndalama zidalowa m'thumba la munthu, kapena midzi iwiri ikulimbirana mjigo umodzi, mupeza mutu wa chitsulo uli chiimire m'udzu. Akuba nawo adaphunzira kuti sipanala yothandiza komiti imawathandizanso iwo; ndodo ndi handulo zimasowa usiku, ndipo midzi yambiri tsopano imawotcherera zitsulo zotchinga pa mutu wa mjigo n'kuika loko. Kafukufuku wa mu 2019 adapeza kuti m'maiko a kum'mwera kwa Sahara pafupifupi mijigo 22 mwa 100 iliyonse imakhala ili yakufa.

Koma si zonse zimene zili mlandu wa mudzi, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawa. Mjigo umene udabadwira ku Livulezi lero umachita kubwera kuchokera kunja, wambiri kuchokera ku India, ndipo zipangizo zake nazo n'zakunja. Ufulu woti aliyense aupange udatsitsa mtengo, koma udatsegulanso khomo kwa opanga mwachinyengo. Pali ndodo zonyezimira zimene amati n'zosachita dzimbiri, koma zikakhala m'madzi zimafiira n'kuduka pokowera. Pali zitsulo zimene zinki wake wokutira ndi wopyapyala, mapaipi osachindikala mokwanira, mabushi a pulasitiki wamba amene amaphwanyika asanagwire ntchito n'komwe. Mayi wa komiti amene wasonkhetsa ndalama khomo ndi khomo sangasiyanitse ndi maso acetal weniweni ndi wabodza. Mu 2022 bungwe la Rural Water Supply Network lidatulutsa malipoti otchedwa Stop the Rot, osonyeza kuti dzimbiri ndi zipangizo zosakwana muyezo zikupha mijigo m'maiko ambiri a mu Africa zaka zake zisanakwane. Pa chinthu chophatikiza chotere, chipangizo chimodzi chikakhala chachinyengo chimapha ndi zabwino zomwe. Ndipo mjigo ukafa anthu sasiya kumwa madzi. Amabwerera ku mtsinje ndi ku nyanja. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri.

Chigwa chino tsopano chili ndi chitsanzo china, chachikulu. Mu 2022 pa Golomoti padatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, a kampani ya JCM Power mogwirizana ndi InfraCo Africa, okhala ndi mabatire osunga magetsi. M'sola iliyonse muli timagawo ta silikoni tolumikizidwa ndi timizere ta mkuwa, totsekeredwa m'pulasitiki woonekera, galasi pamwamba, felemu ya aluminiyamu m'mphepete. Masola ang'onoang'ono akukweranso pa madenga a nyumba, ndipo m'malo ena mjigo wa manja ukuchotsedwa, n'kuikapo pampu ya sola, thanki ya pulasitiki pa nsanja ya chitsulo, ndi mipopi. Ndi chitukuko, ndipo misana ya amayi ikupumako. Komabe pampu yotere ikapsa, palibe komiti imene ingaitsegule ndi sipanala. Tabwereranso pa kudikira munthu wochokera kutali. Palinso nkhani ya zotsala. Waya wokutidwa ndi pulasitiki, kapena tayala la mawaya, sizilekanitsika mophweka, ndipo anyamata ofuna mkuwa kapena waya amangoziwotcha, utsi wakuda wa poizoni n'kumalowa m'mapapo mwawo. Afridev pa mbali imeneyi udaganiziridwa bwino: kupatula silinda, pafupifupi chilichonse chimamasuka pachokha, chitsulo kwake, pulasitiki kwake.

Mabushi, mabobini ndi mphira za mjigo si zinthu zoti dziko lingalephere kupanga. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli mafakitale oumba zidebe, mipando ndi mapaipi a pulasitiki. Zojambula za Afridev n'zaulere. Mijigo yofuna zipangizozi ilipo masauzande ambirimbiri m'dziko muno. A Malawi Bureau of Standards aziyeza ndodo, masilinda ndi mabushi olowa m'dziko zisanafike m'sitolo. Ogula mijigo ya boma ndi ya mabungwe azikana katundu wopanda umboni wa muyezo. Sukulu za ntchito zamanja pansi pa TEVETA ziziphunzitsa achinyamata a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka kuwotcherera, kumata PVC ndi kukonza mapampu a sola omwe. Ndipo inu a komiti, musadikire kuti madzi asiye kutuluka. Gwirani handulo ya mjigo wanu sabata ino, muigwedeze cham'mbali. Ikagwedera, itanani mekaniki, mugule mabushi anayi ndi mphira, musinthe mwezi womwe uno.